Kumasulira Chicroatia kupita m'Chingerezi: foni, dikishonale, mnzanu kapena womasulira wolumbira?

Usiku wina alamu anga ananditumizira zithunzi zinayi pa WhatsApp, kenako uthenga wa mawu: "Alamu, taonani pepalali. Ndisaine?" Inali kontirakiti ya ntchito ya ku hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic, kufupi ndi mzinda wa Split ku Croatia, yolembedwa m'Chicroatia chokhachokha. Iwo anali atailoza kale ndi kamera ya foni n'kuwerenga Chingerezi chimene chinatuluka, ndipo mtima unali m'malo, poti amene anawapezera ntchitoyo anawauza kuti ndi yokhazikika. Ine ndinakhalako ku Zagreb, likulu la dzikolo, zaka ziwiri pa maphunziro, ndiye maso anga anathamangira pamalo atatu. Pamwamba panalembedwa kuti "na određeno vrijeme", kutanthauza ntchito ya nthawi yoikika. Ikanakhala yokhazikika akanalemba "na neodređeno vrijeme". Kusiyana kwake ndi malembo awiri okha, n ndi e. Pa malipiro panali liwu lakuti "bruto", ndiye kuti ndalamazo sanachotsepo msonkho ndi penshoni. Tsiku lomaliza linali "31. listopada", lomwe ndi 31 Okutobala. Inali ntchito ya miyezi 6 ya nyengo ya alendo.

Foni sinaname. Inalembadi kuti "fixed-term". Koma Chingerezi chonse cha masamba anayi aja chinkangoyenda myaa, mzere uliwonse wofanana ndi unzake, ndipo panalibe chowakoka diso alamu kuti aime apa, afunse. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa ndikamaona anthu akusaina mapepala a chilankhulo chachilendo.

Chiyambire pamenepo ndafunsidwa kangapo za njira yabwino yomasulira chilankhulochi, chimene eni ake amachitcha "hrvatski". Wina ali ndi kalata ya ku yunivesite, wina setifiketi ya ukwati, wina uthenga wa landilodi, wina amangofuna kumva zimene Luka Modrić wauza atolankhani akwawo mpira utatha. Onsewa ndimawafunsa funso limodzi: liwu limodzi likalakwika, mutaya chiyani? Pa menyu ya mu lesitilanti mungodya nsomba m'malo mwa nkhuku. Pa kontirakiti mutaya chaka, komanso ndalama za tikiti ya ndege zimene mwina munachita kukongola. Njira yosankha ili pakati pa ziwirizi.

Foni ya m'thumba

Google Translate ili ndi Chicroatia kuyambira 2008, ndipo Chichewa inachiwonjezera mu 2014. Microsoft Translator nayo ili ndi Chicroatia. Simulipira, mumaloza kamera pa chikwangwani cha pa siteshoni ya basi kapena pa paketi ya mu sitolo, mawu n'kusanduka Chingerezi mukuona. Mungathenso kutsitsiratu chilankhulocho muli pa Wi-Fi kuti muzimasulira ngakhale bandulo itatha. Pa Chicroatia cholembedwa mwadongosolo, monga nkhani za mu nyuzipepala ya Večernji list kapena za wailesi ya boma ya HRT, makinawa amagwira ntchito yotamandika. Chimodzi mwa zowathandiza n'chakuti dziko la Croatia linalowa mu European Union pa 1 Julayi 2013, chilankhulo chake n'kukhala cha nambala 24 pa zilankhulo zovomerezeka za bungweli. Malamulo ambirimbiri tsopano alipo m'Chicroatia ndi m'Chingerezi motsagana, ndipo makina amaphunzirira pa zolembedwa zotere.

Langizo langa n'lakuti mumasulire kupita m'Chingerezi, osati molunjika m'Chichewa. Zolembedwa zolumikiza Chicroatia ndi Chichewa n'zochepa kwambiri, moti kawirikawiri mawu amadzera kaye m'Chingerezi, ndiye mumalandira nkhani yodutsa pakamwa pawiri.

Foni imapunthwa poyamba pa mauthenga a anthu wamba. Alifabeti yawo ili ndi malembo 30, ena ovala tizipewa ndi timizere: č, ć, š, ž, đ. Anthu akamalemba mothamanga pa foni amasiya tizindikiroti. Ndiye "što", kutanthauza chiyani, amasanduka "sto", yomwe ndi 100. "Kuća" ndi nyumba, koma "kuca" ndi kugogoda pakhomo. "Žao mi je" ndi kupepesa, pamene "zao" ndi munthu woipa mtima. Mwini chilankhulo amamva kuchokera pa nkhani yonse. Makina amachita kulota, ndipo uthenga ukakhala waufupi maloto ake amaphonya.

Palinso chinthu chimene ife a Chichewa timachidziwa bwino. Liwu lakuti "mtengo" timalilemba mofanana kaya tikunena wa m'nkhalango kapena wa pa msika, kusiyana kuli pa katchulidwe. Chicroatia chilinso choncho: "luk" ndi anyezi, komanso ndi uta, malinga ndi mmene mwakokera liwu, ndipo polemba saika chizindikiro.

Koma pamene pamandipweteka kwambiri ndi pamene Chingerezi chenichenicho chilibe chotengera. M'Chicroatia "ujak" ndi mlongo wa amayi, malume enieni, pamene "stric" ndi mchimwene wa bambo, amene ife timati bambo aang'ono kapena bambo aakulu. Chingerezi chimangoti "uncle" onse awiri. "Svekrva" ndi amayi a mwamuna, "punica" ndi amayi a mkazi, Chingerezi n'kuwaphatikiza. Pa nkhani ya chuma cha masiye kapena ya maliro, kusiyana kumeneku si kocheza nako. Chimodzimodzi ulemu. Iwo ali ndi "ti" ndi "Vi", ndendende iwe ndi inu, ndipo m'kalata "Vi" amamulemba ndi lembo lalikulu. Chingerezi chili ndi "you" yekha. Mukalemba yankho m'Chingerezi kuti foni itembenuzire bwana wanu, ikhoza kukusankhirani "ti", inu osadziwa kuti mwawatchula akuluakulu kuti iwe. Ngati muona "kako si" m'malo mwa "kako ste", kapena "možeš" m'malo mwa "možete", imani kaye musanatumize.

Nthawi nayo ili ndi msampha wake. Kwathu "hafu seveni" ndi 7:30. Kwa iwo "pola sedam", ngakhale mawu ake ndi theka ndi seveni, ndi 6:30, chifukwa amawerenga kuti ola la seveni lafika pakati. Ndalama amalemba 1.200,50 pamene ife tikanalemba 1,200.50. Kadontho ndi kakoma zinasinthana malo. Kuyambira pa 1 Januwale 2023 ndalama yawo ndi euro, choncho pepala likamatchula "kuna" kapena "kn" dziwani kuti ndi lakale.

Makina ocheza nawo

Mapulogalamu monga ChatGPT amaposa foni wamba pa chinthu chimodzi chachikulu: mumatha kuwafunsa. Mukhoza kuwauza kuti amasulire mzere ndi mzere, Chicroatia pamwamba Chingerezi pansi, kapena kuti akufotokozereni chifukwa chake liwu lasintha mathero. Mungawauzenso kuti yankho lanu likhale la "Vi". Kwa wophunzira, uyu ndi mphunzitsi wosatopa. Vuto lake ndi chikomekome cha mkuyu. Makina otere amakonda kusalaza chiganizo, nthawi zina kudumpha mawu, ndipo chithunzi chikakhala chosaoneka bwino amatha kudzaza mpata ndi zimene akuganiza kuti zikanayenera kukhalapo. Onetsetsani nokha manambala, masiku ndi mayina poyerekeza ndi pepala lenileni. Ndipo musanakweze chikalata pa intaneti, phimbani nambala ya pasipoti ndi OIB, nambala ya manambala 11 imene boma la Croatia limapatsa munthu aliyense wochita nalo za msonkho ndi za ntchito.

Dikishonale, ndi chifukwa chake imakanika m'manja mwa mlendo

Madikishonale abwino alipo. Wamkulu wa Chicroatia ndi Chingerezi ndi wa Željko Bujas, amene anatuluka mu 1999. Pa intaneti pali Hrvatski jezični portal, yaulere, imene imafotokoza mawu m'Chicroatia momwemo n'kuonetsanso masinthidwe a liwu. Wiktionary ya Chingerezi ili ndi mawu ambiri pansi pa dzina lakuti Serbo-Croatian. Pa mawu a malamulo, tsamba la EUR-Lex limakulolani kuika lamulo limodzi la European Union m'zilankhulo ziwiri moyang'anizana, ndipo ine sindinapeze njira ina yoposa imeneyi yoonera mmene akatswiri amamasulira mawu ouma a m'maofesi.

Dikishonale imakutetezani ku mawu ooneka ngati achibale a Chingerezi pamene si achibale. "Ambulanta" ndi kiliniki, si galimoto yonyamula odwala. "Gimnazija" ndi sekondale, si malo olimbitsira thupi. "Eventualno" ndi mwina, osati pamapeto pake. "Recept" ndi pepala la mankhwala la adokotala komanso kaphikidwe ka chakudya. "Milijarda" ndiye biliyoni ya Chingerezi, pamene "bilijun" ndi thililiyoni.

Koma tsegulani dikishonale musanadziwe kapangidwe ka chilankhulochi, muona kuti theka la mawu a pa pepala lanu mulibemo. Chifukwa chake n'chakuti ife timasintha mawu kumutu, iwo amasintha kumchira. Ife timati munthu, anthu. Ku Zomba, mu Zomba, pa Zomba, dzina la Zomba osagwedezeka. Iwo dzina lenilenilo limasintha malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, ndipo masinthidwe amenewa, amene amawatcha "padeži", alipo 7. Mzinda ndi Zagreb. Mukakhala momwemo ndi "u Zagrebu". Mukamapita ndi "u Zagreb". Mukamachokera ndi "iz Zagreba". Mzinda wa Rijeka umasintha mpaka k kusanduka c: "u Rijeci". Munthu wofufuza Rijeci pa mapu sadzaupeza. Galu ndi "pas", koma mukamuona galuyo ndi "psa". Bambo ndi "otac", za bambo ndi "oca". Munthu ndi "čovjek", anthu ndi "ljudi". "Idem", kutanthauza ndikupita, mumamupeza pansi pa "ići".

Mayina a anthu nawonso amasintha, ndipo apa m'pamene zikalata zimawonongekera. Modrić amakhala Modrića, Modriću, Modrićem. Taonani izi: "Ivan voli Anu" ndi kuti Ivan amakonda Ana. Mukatembenuza, "Anu voli Ivan", tanthauzo ndi lomwelo, chifukwa mchira wa "Anu" ukusonyeza kuti ndiye wokondedwayo, kaya waima patsogolo kapena pambuyo. M'Chingerezi malo a liwu ndi amene amanena wochita, m'Chicroatia ndi mchira. Tsopano chikalata chikati "kći Ivana i Marije", chikunena mwana wamkazi wa Ivan ndi Marija. Koma Ivana ndi dzina la akazi lotchuka kumeneko. Womasulira wosasamala akakopera "Ivana" pa dzina la bambo, pepala lanu silidzagwirizana ndi mapepala ena, ndipo ofesi ya zolowa ndi kutuluka ikhoza kulibweza chifukwa cha lembo limodzi.

Aneni ali awiriawiri, wina wa ntchito imene ikupitirira, wina wa ntchito yomalizika. "Pisao sam pismo" ndi ndinkalemba kalata, "napisao sam pismo" ndi ndinalemba n'kumaliza. Khutu la Chichewa limamva kusiyanaku mosavuta. Chachilendo kwa ife n'chakuti mneni wa nthawi yakale amaulula ngati wolankhula ndi mwamuna kapena mkazi: mwamuna amati "bio sam", mkazi amati "bila sam", onse akutanthauza ndinali. Chingerezi chimataya zimenezi. Komanso, monga Chichewa, Chicroatia chilibe "a" ndi "the", choncho womasulira amachita kuziikamo yekha poyang'ana nkhani.

Ndiye dikishonale ndi chida cha munthu amene wayamba kale kuphunzira. Kwa iye ndi yabwino kuposa foni, chifukwa imaonetsa matanthauzo onse n'kumusiyira kusankha. Kwa wongofika kumene, yekha ndi kontirakiti usiku, siimufikitsa patali.

Mnzanu wodziwa chilankhulo

Pali zinthu zimene munthu yekha ndiye angamve. Chicroatia cha m'mabuku chinamangidwa pa kalankhulidwe kotchedwa štokavski, koma kumpoto chakumadzulo, kuzungulira Zagreb, kuli kajkavski, ndipo m'mphepete mwa nyanja ndi m'zilumba muli čakavski. Mayina atatuwa anachokera pa mmene aliyense amanenera kuti chiyani: "što", "kaj", "ča". Tomato m'buku ndi "rajčica", ku Zagreb mumva "paradajz", ku Split "pomidor". Thawulo m'buku ndi "ručnik", ku Dalmatia, chigawo cha m'mphepete mwa nyanja, ndi "šugaman", liwu lochokera ku Italy. Makaniki wa ku Zagreb akafuna sikuludiraiva amati "šrafciger", lochokera ku Chijeremani, pamene buku limati "odvijač". Wogwira ntchito m'khitchini ya hotela ya kunyanja amamva mawu otere tsiku lonse, ndipo mnzake wa pantchito amamuthandiza kuposa makina alionse. Mnzanu amamvanso ngati landilodi wakwiya kapena akungokumbutsa, ndipo amawerenga zolemba pamanja.

Ngati muli ku Johannesburg kapena ku London ndipo amene mwamupeza ndi wa ku Serbia, Bosnia kapena Montenegro, musadandaule, amva pafupifupi zonse. Zilankhulozi zinamera pa tsinde limodzi. Kusiyana kuli pa mawu ena: buledi ndi "kruh" ku Croatia, "hleb" ku Serbia, sitima ya pamtunda ndi "vlak" ku Croatia, "voz" ku Serbia, 1000 ndi "tisuća" ku Croatia, "hiljada" ku Serbia, mkaka ndi "mlijeko" ku Croatia, "mleko" ku Serbia. Ku Serbia amagwiritsanso ntchito malembo a Cyrillic, amene ku Croatia salembera. Tingayerekeze pang'ono ndi Chichewa ndi Chinyanja, dzina limene ku Malawi linasinthidwa mu 1968 pamene ku Zambia ndi ku Mozambique linatsala. Koma kuyerekezaku kuli ndi malire. Ku Croatia kunali nkhondo kuyambira 1991 mpaka 1995, anthu anataya abale, ndipo dzina la chilankhulo si nkhani yopepuka. Mukakhala ku Croatia, chitchuleni kuti hrvatski.

Wa ku Poland kapena ku Czech Republic ndi nkhani ina. Amva mawu apa ndi apo, koma akhoza kukusokeretsani ali ndi mtima wabwino. Miyezi ya ku Croatia ili ndi mayina akeake: siječanj, veljača, ožujak, travanj, svibanj, lipanj, srpanj, kolovoz, rujan, listopad, studeni, prosinac. Ndi mayina a kumunda. Srpanj, Julayi, anachokera ku zenga lodulira tirigu. Kolovoz, Ogasiti, ndi nthawi yotuta pa ngolo. Listopad ndi kugwa kwa masamba. Tsono listopad yemweyo ku Poland ndi ku Czech Republic ndi Novembala, pamene ku Croatia ndi Okutobala. Chiphaso chanu chikamatha mu listopad, mwezi umodzi umenewo ndi wokwanira kukusandutsani wokhala m'dziko popanda chilolezo.

Chofooka cha mnzanu n'chakuti amafupikitsa. Amayang'ana pepala, n'kunena kuti, "Palibe chovuta apa, n'zamasiku onse." Kwa iye n'zamasiku onsedi. Mupempheni mwaulemu kuti mukhale pansi, akuwerengereni mzere ndi mzere, inu mukulemba. Ndipo ngati womasulirayo ndi yemweyo amene akupindula mukasaina, funani wina. Makalata a kuchipatala nawonso si onse amene mungafune kuti mnzanu wa pantchito awaone.

Womasulira wolumbira

Pepala likamapita ku ofesi ya boma, ku yunivesite, ku khoti kapena ku ofesi ya kazembe, njira zonse zapamwambazi zimagwa. Kumafunika chimene amachitcha "ovjereni prijevod", kumasulira kotsimikizidwa, ndipo wochita zimenezi ndi "stalni sudski tumač", womasulira amene analumbira ndipo ali m'kaundula wa boma. Iye amalemba pansi kuti zimene wamasulira zikugwirizana kwathunthu ndi chikalata choyambirira, amasaina, amadinda chidindo chake chozungulira, n'kumanga mapepala onse pamodzi ndi kachingwe kuti wina asasololepo tsamba. Musamasule kachingwe kameneko pofuna kufotokopa, chifukwa mukatero mwaononga umboni wake.

Zikalata zimene zimadutsa kwa iye kawirikawiri ndi "rodni list" ya kubadwa, "vjenčani list" ya ukwati, "svjedodžba" ndi "diploma" za sukulu, ndi zigamulo za makhoti. Mtengo amawerengera pa "kartica", tsamba la muyezo la malembo 1500 kuphatikizapo mipata, osati pa pepala limene mwagwira m'manja. Pepala limodzi la malembo ang'onoang'ono likhoza kukhala makartica awiri kapena atatu, choncho funsani mtengo wonse asanayambe. Omasulira a Chingerezi ndi ambiri ku Croatia, ndipo ambiri amalandira chikalata pa imelo n'kutumiza chomalizidwa pa positi.

Musanalipire, funsani ofesi imene ikalandire pepalalo kuti ikufuna chiyani. Safunsa anadya phula. Ku South Africa kuli omasulira olumbira ovomerezedwa ndi High Court. Ku Britain kulibe dongosolo lotere; kumeneko amafuna kuti womasulira alembe kuti wamasulira molondola, aike deti, dzina lake, siginecha ndi mmene angapezekere. Ena amafunanso "apostille", ndipo ambiri amaisokoneza ndi kumasulira. Apostille siimasulira kanthu, imangotsimikiza kuti siginecha ndi chidindo za pa chikalata cha boma n'zenizeni. Inachokera ku pangano la ku The Hague la 1961, limene Croatia, Malawi, South Africa ndi Britain onse ali momwemo. Nthawi zambiri apostille imayamba, kumasulira n'kutsatira, kuti nayonso imasuliridwe.

Njira imeneyi ndi yodula ndiponso yochedwa, koma pa chikalata cha boma palibe ina. Pa kontirakiti ya ntchito, ngakhale palibe wakukakamizani, ine ndimati ndalama ya masamba anayi ndi yochepa poyerekeza ndi tikiti ya ndege. Dziwani chabe kuti womasulira amakuuzani zimene zalembedwa, sakuuzani ngati zili zachilungamo. Zimenezo n'za loya kapena bungwe la apantchito, limene kumeneko amati "sindikat". Ndipo kontirakiti payokha si chilolezo. Mlendo wochokera kunja kwa European Union amafunika "dozvola za boravak i rad", chiphaso chokhalira ndi kugwira ntchito, chimene chimaperekedwa kudzera ku polisi pansi pa unduna wa za m'dziko, MUP.

Kuphunzira pang'ono nokha

Iyi si njira yopikisana ndi zinazo. Ndi imene imapangitsa kuti zinazo zikugwirireni ntchito, chifukwa munthu wosadziwa ngakhale liwu limodzi sangathe kuona pamene foni, mnzake kapena womasulira waphonya.

Kuwerenga n'kosavuta kwa ife kuposa kwa Mngelezi. Alifabeti imene Ljudevit Gaj anayamba kuikonza mu 1830 imatsata mfundo yakuti lembo limodzi, liwu limodzi, ndipo malembo a liwu ndi a, e, i, o, u, otchulidwa monga m'Chichewa. Lembo la j limatchulidwa ngati y wathu, moti "ja", kutanthauza ine, ndi ya. Lembo la c ndi ts, choncho "cesta", msewu, ndi tsesta. Nj ndi ny wa mu nyumba. Č ndi ć onse ali pafupi ndi ch, ndipo anthu ambiri a ku Zagreb sawasiyanitsa polankhula. Š ndi sh, dž ndi đ ali pafupi ndi j wa mu jekete. Izi mukhoza kuzigwira madzulo amodzi.

Zotivuta ife ndi ziwiri. Choyamba, l ndi r kwathu ndi amodzi, koma kumeneko "ruka" ndi dzanja, "luka" ndi doko. Chachiwiri, lilime lathu limafuna lembo la liwu pakati pa malembo ena onse, pamene iwo ali ndi mawu monga "trg", bwalo la pakati pa mzinda, "vrt", dimba, ndi Krk, dzina la chilumba, m'mene r ndiye amanyamula liwu lonse. Ine zinanditengera miyezi kuti ndinene "trg" osaikamo u, ndipo chinandithandiza ndi kumvetsera mawu olengeza masiteshoni mu tramu tsiku ndi tsiku.

Moni wake ndi "dobar dan" masana, "dobro jutro" m'mawa, "dobra večer" madzulo, ndipo anzanu ku Zagreb mumangoti "bok". Zikomo ndi "hvala", chonde ndi "molim", pepani ndi "oprostite". "Ne razumijem" ndi sindikumva. "Govorite li engleski?" ndi kufunsa ngati amalankhula Chingerezi, ndipo achinyamata ambiri ndi ogwira ntchito za alendo amalankhuladi.

Koma kwa munthu wa mapepala, mawu ofunika kuposa moni ndi timawu ting'onoting'ono totembenuza nkhani. "Ne" ndi ayi, ndipo amamatiriranso kumutu kwa liwu monga tinaonera pa kontirakiti ija. "Bez" ndi popanda. "Osim" ndi kupatula. "Mora" ndi ayenera, "ne mora" ndi sakukakamizidwa, "ne smije" ndi saloledwa. "Do" ndi mpaka, "od" ndi kuyambira, malembo omwewo ongotembenuzidwa. Onjezani "plaća", malipiro. "Neto", yolowa m'thumba. "Smještaj", malo ogona. "Probni rad", nthawi yoyesedwa. "Otkazni rok", masiku a notisi. "Prekovremeni rad", ovataimu. Lembani mawu amenewa ndi miyezi 12 ija pa kapepala kamodzi. Mukalandira chikalata, yambani mwawasaka ndi cholembera, muwazungulize, kenako ndiye mufunse foni.

Wofuna kupitirira apo, ku yunivesite ya Zagreb kuli Croaticum, malo ophunzitsira alendo Chicroatia kuyambira 1962, ndipo anakonza maphunziro aulere a pa intaneti a magawo oyamba, A1 ndi A2, ofotokozedwa m'Chingerezi. Duolingo ilibe Chicroatia, musataye nthawi kuchisaka. Michira 7 ija siigwidwa pa sabata, imafuna miyezi ndi munthu wokukonzani. Amene akuganiza zokhalitsa adziwe kuti chilolezo chokhala nthawi yaitali, chimene munthu amapempha atakhala zaka 5, chimafuna kuti asonyeze kuti amadziwa chilankhulochi.

Alamu aja sanasaine usiku umenewo. Tinalemba limodzi mafunso atatu m'Chingerezi chosavuta, kufunsa malipiro a neto, amene alipire malo ogona, ndi zimene zidzachitike pa 31 Okutobala. Mayankho atabwera analipira womasulira wolumbira kuti awamasulire kontirakiti yokonzedwayo, ndipo anapita akudziwa kuti ndi miyezi 6. Sabata yawo yoyamba ananditumiziranso uthenga wa mawu, kumbuyo kukumveka mbale zikugundana: "Alamu, abwana anati ndifike u pola sedam. Ndinafika 6:20, ndinapeza akutsegula kumene khitchini."